Ndinapeza Ntchito Nyanja Itauma

Ntchito yanga ndi yoyeza madzi, minda ndi madambo pogwiritsa ntchito zithunzi zimene masetilaiti amajambula ali kumwamba. Ndine wofufuza pa yunivesite ina ya boma, ndili ndi ophunzira amene ndimawayang'anira, ndipo mwezi ukatha ndimalandira. Amene amandiona lero amayesa kuti njira inali yosalala kuyambira tsiku limene ndinavala gauni. Ndikuchitira umboni kuti sizinali choncho. Panali zaka za ulova, panali tsiku limene ndikanafera m'munda mwa eni ake, panalinso chaka chimene ndinkadzuka m'mawa osadziwa chimene ndadzukira. Mulungu anandidutsitsa monsemo, ndipo anachita zimenezi kudzera mwa anthu amene maina awo salembedwa m'mabuku a kafukufuku.

Ndinabadwira kufupi ndi doko la Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ku Zomba. Bambo anali msodzi wa matemba, makumba ndi milamba. Chilwa ndi nyanja yopanda potulukira. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani imathiramo madzi, koma palibe mtsinje umene umawatulutsa. Amene amawachotsa ndi dzuwa ndi mphepo basi. Ndi yosayanso, m'malo ambiri siifika mamita 3, choncho mvula ikavuta zaka zingapo zotsatizana nyanja imabwerera m'mbuyo mpaka kutheratu. Inauma mu 1968 bambo ali kamnyamata, inaumanso mu 1995 ine ndili ku pulayimale. Chaka chimenecho bambo anakasodza ku Malombe, ife tinatsala ndi amayi tikudya kamodzi patsiku. Nyanja itabwerera, matemba omwewo ndiwo anandilipirira fizi ya sekondale.

Ndinasankhidwa kupita ku Chancellor College kukaphunzira jogalafe. M'chaka chachitatu mphunzitsi wina anatiikira pakhoma chithunzi cha setilaiti ya Landsat cha chigwa chonse cha Chilwa. Anzanga ankaona mabanga a mitundumitundu. Ine ndinaona chilumba cha Chisi, ndinaona pamene Likangala amalowera m'dambo, ndinanyamuka n'kukaloza ndi chala pamene pali kwathu. Ndinatuluka m'kalasimo ndikudziwa ntchito imene ndikufuna. Ndinamaliza mu 2012, ndipo kumudzi anapha mbuzi.

Kenaka kunangoti zii. Ntchito za kafukufuku m'dziko muno n'zochepa, ndipo zambiri zimabwera ndi ndalama za kunja n'kutha ndi ndalama zomwezo. Zotsatsa za m'nyuzi zinkafuna munthu wa masitazi amene anasindikizapo kafukufuku m'magazini a akatswiri. Koma kuti usindikize uyenera kukhala uli m'gulu lofufuza, ndipo kuti ulowe m'gulumo amakufunsa zimene unasindikiza. Ndinalemba makalata ofunsira ntchito mpaka ndinaloweza mawu ake. Ndinaphunzitsa pa sukulu ina ya pulaiveti kumene malipiro ankachedwa miyezi. Ndinayenda m'midzi ndi tabuleti kufunsa mafunso a mabungwe, masabata angapo, kenaka kukhalanso pakhomo. Ndinakwatiwa, ndinabereka mwana wamkazi, ndipo bambo ake anapita ku Joni kukasaka ntchito. Poyamba ankatumiza, kenaka ankangoimba, kenaka foni inasiya kulira.

Mu 2016 ndinamva za pulojekiti ya yunivesite ina ya kunja imene inkafuna kupanga mapu a mbewu za alimi ang'onoang'ono ku Phalombe ndi ku Mulanje. Nthawi imeneyo akatswiri a ntchito yathu anali atakondwa ndi setilaiti yatsopano ya ku Ulaya, Sentinel-2A, imene inaulutsidwa mu June 2015. Chithunzi cha setilaiti chimapangidwa ndi timabokosi tambirimbiri, ndipo kabokosi kalikonse kamaimira chigawo cha nthaka. Pa Landsat, imene ndi ya ku America, kabokosi kamodzi ndi mamita 30 m'litali ndi 30 m'lifupi, moti hekitala yathunthu imalowa m'timabokosi 11 tokha. Mlimi wa ku Phalombe amene munda wake sukwana theka la hekitala, muli chimanga, nandolo ndi maungu, mtengo wa mango pakati, chulu pambali, amangosowa m'chithunzi chotere. Sentinel-2 inachepetsa kabokosi kufika mamita 10, hekitala imodzi timabokosi 100. Apa ndiye munda wa munthu wamba unayamba kuoneka.

Komabe setilaiti sidziwa chimanga. Chimene imayeza ndi kuwala kwa dzuwa kumene kwabwerera kuchokera pansi. Tsamba lobiriwira limameza kuwala kofiira n'kubweza kwambiri kuwala kwina kumene maso athu sakuona, pamene madzi amameza kuwala komweko pafupifupi konse. Kuti kompyuta iphunzire kusiyanitsa chimanga ndi mpunga kapena ndi tchire, pamafunika munthu apite pamalopo, aime m'munda, alembe chimene chadzalidwa pamodzi ndi manambala a malowo. Munthu ameneyo ndinali ine. Anandilemba ngati wothandizira ntchito ya m'midzi, pa kontirakiti ya miyezi yochepa imene ankangoiwonjezera ikatsala pang'ono kutha.

Ntchitoyo ndinaikonda. Ndinkazungulira malire a munda ndi kachipangizo ka GPS m'manja, mwini munda ali patsogolo kundionetsa pamene pake pathera. Nthawi yokolola tinkayeza kachigawo pakati pa munda ndi chingwe, kukolola chimanga cha m'menemo, kutonola, kupachika pasikelo, n'kuyeza chinyezi cha njere. Anthu ankatiopa poyamba, pakuti malamulo atsopano a malo anali atangodutsa ku Nyumba ya Malamulo mu 2016 ndipo ambiri ankayesa tabwera kudzalanda minda kapena kudzayambitsa msonkho. Ine ndinali ndi chizolowezi changa: chimanga ndikamaliza kuyeza ndinkachibweza kwa mwini wake, ndipo ndinkamuuza kukula kwa munda wake n'kumulembera pakapepala. Ambiri anali asanamvepo kuti munda wawo ndi maekala angati. Manambala onse ndinkawalowetsa m'tabuleti ya pulojekiti, koma ndinkawalembanso m'kope langa, chifukwa batire ya tabuleti sinkachedwa kutha.

Mu September ndi October 2017 kunabuka mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi maboma oyandikana nawo. Anyamata ankatchinga misewu usiku ndi masana, anthu angapo osalakwa anaphedwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Ife tinauza akuluakulu a pulojekiti kuti zinthu sizili bwino. Yankho linali lakuti dothi liyenera kutengedwa mvula isanagwe, apo ayi chaka chonse chapita pachabe. Amene ankayankhawo anali kutali. Ine ndinali ndi mwana wofuna phala, choncho ndinapita.

Tinali awiri, ine ndi mnyamata woyendetsa njinga yamoto. Tinanyamula chitsulo chobowolera nthaka, bokosi lozizira losungira timatumba ta dothi, ndi kachipangizo koyezera chinyezi cha m'nthaka kamene kali ndi timisomali tatitali tachitsulo ndi waya wopita ku kabokosi ka manambala. Ndinali nditagwada pamzere ndikubaya timisomalito pansi pamene mwana wina woweta mbuzi anationa n'kuthawa akukuwa. Sipanatenge nthawi, mluzu unalira. Anthu anatulukira mbali zonse, ena ndi zibonga, ena ndi zikwanje, azimayi atanyamula miyala m'zitenje. Mnyamata wa njinga anamugwetsa pansi. Bambo wina anatsegula bokosi lija n'kutulutsa katumba kamodzi. Munali dothi lofiira lonyowa, ndipo atalikweza m'mwamba khamu lonse linabangula. Ndinayesa kulankhula, mawu anakana. Ndinangoti mumtima, Ambuye, mwana wanga.

Pamenepo agogo ena aakazi anapanikiza kudutsa pakati pa anthu ndi ndodo yawo. Anandiyang'ana kumaso, kenaka anatembenukira khamulo.

"Musamukhudze mwanayu. Uyu ndi uja anandiyezera munda pokolola. Chimanga changa anandibwezera chonse, sanatengepo ngakhale njere imodzi. Kapepala kake kali m'Baibulo mwanga mpaka lero."

Wina anakuwa kuti nanga majakisoniwa ndi a chiyani. Agogo aja anatola kachipangizo kaja, anabaya timisomalito m'nthaka ndi dzanja lawo, n'kundiuza kuti, "Werenga, mwanangu, anthu amve." Ndinawerenga nambala ndi mawu onjenjemera. Anatumiza mdzukulu wawo kukatunga madzi m'chigubu, anathira pamalopo, anabayanso, ndipo nambala inakwera. Bambo uja anang'amba katumba kaja n'kufikisa dothi ndi zala zake. Phokoso linayamba kutsika. Agogo anandigwira dzanja osandisiya mpaka pabwalo la amfumu, amene anazindikira kalata yathu imene tinawasiyira chaka cham'mbuyo. Mnyamata wa njinga anathyoka nthiti, njinga anaiphwanya, koma tonse awiri tinatuluka ndi moyo.

Anthu a mudzi umenewo sindinawasungire chakukhosi, ndipo sindifuna kuti owerenga awaone ngati mbuli. Kwa zaka zambiri aona magalimoto akubwera, alendo akutsika ndi zipangizo, kutenga dothi, kutenga magazi ku chipatala, kutenga mayankho, n'kupita osabweranso kudzanena chimene anapeza. Kupha munthu n'kulakwa, mphekesera zija zinali zabodza. Koma nthaka imene mphekeserazo zinamerapo tinathandiza kuilima ndife ofufuza.

Pulojekiti inaimitsa ntchito ya m'midzi, ndipo kontirakiti yanga itatha sanaiwonjezere. Uthenga unabwera pa imelo, mizere yowerengeka. Patapita nthawi ndinaona pa intaneti nkhani ya kafukufuku uja itasindikizidwa. Mapu a minda imene ndinazungulira ndi mapazi anga anali pomwepo, kadontho kalikonse ndinkakadziwa mwini wake. Pamndandanda wa olemba panalibe dzina la Mmalawi. Kumapeto kunali mzere umodzi wothokoza gulu la m'midzi. Chinandipweteka si ulemu wokha ayi. Dzina pa nkhani ngati imeneyo ndiye khomo lolowera ku masitazi ndi ku ntchito, ndipo khomolo linatsekeka ine ndikuona.

Mu 2018 ndinabwerera kumudzi ndi mwana ndi chikwama. Chaka chomwecho Chilwa inayambanso kuthawa. Pofika miyezi yotentha mabwato a pa Kachulu anali atakhala pamatope ong'ambika, madzi ali kutali koti sungawaone uli padoko. Bambo anali atakalamba, sakanathanso kupita ku Malombe. Pachitsime azimayi ankafunsa amayi kuti digiri ija yatani. Ndinasiya kupita ku tchalitchi, ndinasiya kudya bwino, usiku ndinkangomva mluzu uja. Tsiku lina mwana wanga anandipempha ndalama ya pensulo ndipo ndinalowa m'nyumba kukalira. Amayi sanandikalipire. Anaitana anzawo a Mvano, anabwera atavala zoyera, anakhala pamphasa m'chipinda changa, anapemphera, n'kundisiyira sopo ndi ufa. Anabweranso sabata yotsatira, ndi inanso.

Madzulo ena ndinapeza bambo akusoka ukonde umene analibe koukaponya. Osadzutsa mutu anandifunsa kuti, "Mwananga, makina ako akumwamba aja, anaiona nyanjayi ikuuma mu 1995?"

"Anaiona, bambo."

"Nanga zithunzi zake zili kuti? Ndani amasunga?"

Funso limenelo linandidzutsa. Landsat yoyamba inaulutsidwa mu 1972, ndipo kuchokera pamenepo masetilaiti a mtundu umenewu akhala akusinthana kujambula dziko lonse. Iliyonse mwa amasiku ano imabwerera pamalo omwewo masiku 16 alionse. Kale chithunzi chimodzi cha Landsat 7 chinkagulidwa madola 600, koma mu 2008 boma la America linatsegula nkhokwe yonse kuti aliyense atenge ulele. Zithunzi za Sentinel nazonso n'zaulele. Kulinso Google Earth Engine, kumene wofufuza amalemba malangizo ake ndipo ntchito yolemera imachitikira pa makompyuta akutali, iye n'kungolandira zotsatira; sipafunika makina amphamvu kapena bandulo yaikulu. Zonsezi ndinkazidziwa, koma ndinali nditazolowera kuganiza kuti kafukufuku amayamba pulojekiti ikakulemba ntchito. Bambo sankadziwa za mapulojekiti. Iwo ankangofuna kuona nyanja yawo.

Ndinapita kwa azakhali ku Chinamwali kumene kuli magetsi, ndi laputopu yanga yakale imene inkazima ukangoizula pakhoma. Ndinkagula bandulo ya usiku chifukwa ndiyo inali yotsika mtengo, n'kugwira ntchito anthu ali m'tulo. Ndinasonkhanitsa zithunzi za Chilwa kuyambira m'zaka za m'ma 1980, chaka ndi chaka, n'kuyamba kuwerengera kukula kwa madzi. Zovuta zinalipo. M'dzinja mitambo imaphimba chilichonse. Zaka zina zakale zili ndi zithunzi zochepa. Zithunzi za Landsat 7 kuyambira 2003 zili ndi mizere yopanda kanthu chifukwa kachipangizo kena kanawonongeka m'mwamba momwemo. Koma pang'ono ndi pang'ono nyanja inayamba kupuma pakompyuta panga, kufufuma ndi kuphwa, kufufuma ndi kuphwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero azakhali akandipeza ndikuwodzera patebulo.

Ndinasindikiza mapu angapo n'kupita nawo kumudzi. Bambo anaitana anzawo, tinayala mapepala pakhonde n'kutsindira ndi miyala. Mkulu wina wa komiti ya padoko anayang'anitsitsa chaka china cha madzi ambiri, n'kuika chala kumpoto kwa nyanja kumene kompyuta inati ndi kumtunda.

"Amayi, apa si pouma ayi. Apa ndi njedza, pansi pake pali madzi ofika m'chiuno. Chaka chimenechi ine ndinali ndi chimbowera pompano, ndinkagona pamadzi."

Anali kunena zoona. Chilwa yazunguliridwa ndi dambo lalikulu la njedza, ndipo asodzi amamanga zimbowera zawo mkati momwemo. Setilaiti yojambula ndi kuwala kwa dzuwa imaona masamba pamwamba n'kuwerenga ngati tchire la kumtunda. Madzi onse a pansi pa njedza, kumene nsomba zimaswanirana ndi kubisala nyanja ikachepa, sankalowa m'chiwerengero. Asodzi aja anayamba kulozerana, uyu akuti kanjira ka bwato kankadutsa apa, uyo akuti apa pamauma msanga chifukwa m'pokwera. Zimene ankanena palibe buku limene linazilemba.

Yankho linali radar. Sentinel-1, imene inaulutsidwa mu 2014, siidikira dzuwa. Imatumiza mafunde ake pansi chopendekeka n'kumvera zimene zabwerera, ndipo mafundewo amadutsa mitambo, usiku ndi usana. Zili ngati kuwalitsa tochi chopendekeka pamadzi odekha: kuwala kumanyezimira kupita kutsogolo, sikubwerera kwa iwe. N'chifukwa chake madzi oyera amaoneka akuda pa radar. Koma pamene njedza zaima m'madzi, mafunde amagunda madzi, kugunda mapesi, n'kubwerera kumene achokera, ndipo malowo amawala kuposa njedza za pouma. Madzi atayamba kubwerera ndi mvula ya 2019, chaka cha namondwe wa Idai, asodzi ananditenga pabwato kulowa m'tinjira ta m'dambo. Iwo ankabaya mponda pansi kuyeza kuya, ine ndikulemba malo pa GPS ya pafoni. Sanandilipiritse. Ankati mwana wa mnzathu akulemba mbiri ya nyanja.

Ndinapita ndi zonsezi kwa mphunzitsi wanga wakale uja. Anawerenga mpaka kumapeto, anavula magalasi n'kunena kuti, "Iyi ndi nkhani yosindikiza, ndipo dzina loyamba likhala lanu." Anandiphunzitsa kalembedwe kake, anandibwezera pepala lodzaza inki yofiira kangapo konse. Magazini yoyamba inakana. Ina inatumiza mafunso ovuta a akatswiri, tinayankha, ndipo inavomera. Ndalama yosindikizira anatichotsera chifukwa ndife a dziko losauka. Mkulu wa komiti ya padoko uja dzina lake lili pamndandanda wa olemba. Ndinaumirira zimenezo, ndipo aphunzitsi anavomereza.

Nkhani imeneyo ndiyo inanditsegulira thandizo la maphunziro a masitazi ku ITC, sukulu ya za mapu ndi zithunzi za masetilaiti ya pa University of Twente mumzinda wa Enschede ku Netherlands. Ndinapita mkati mwa mliri wa Covid-19, mwana ndinasiyira amayi. Za kuzizira ndi kusungulumwa kwa kumeneko sindinena zambiri. Chimene chinkandiwawa n'chakuti mwana wanga anaphunzira kuwerenga ine ndikumumvera pafoni. Ndinabwerako mu 2022. Chaka chomwecho yunivesite ina inatsatsa ntchito ya wofufuza wa za madzi osefukira, ndinapita ku intavyu, ndipo ananditenga. Amayi atamva anagwada pabwalo pomwepo ndi chitenje chawo chakumunda. A Mvano aja anabwera kudzayamika nafe.

Ntchitoyo inayesedwa msanga. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagwera chigawo cha kum'mwera, mvula n'kugwa masiku angapo osalekeza. Matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, zomwezonso zinachitika ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, ndipo ku Chikwawa ndi Nsanje kunangokhala nyanja. Omwalira ndi osowa pamodzi anaposa 1,000, ndipo anthu oposa 600,000 anasowa pokhala. Masetilaiti ojambula ndi kuwala sankaona kanthu koma mitambo. Tinadalira radar, ndipo nayonso inali yoperewera, pakuti mwa masetilaiti awiri a Sentinel-1, Sentinel-1B inawonongeka mu December 2021 n'kusiya inzake yokha, imene inkabwerera pamalo omwewo patapita masiku 12. Chithunzi chikangofika tinkachifanizira ndi cha namondwe asanabwere, malo onse amene ada kumene n'kuwalemba kuti ndi madzi, kuikapo midzi, misewu ndi masukulu, n'kutumiza kwa ogwira ntchito yopulumutsa anthu. Magetsi kunalibe, tinkagwiritsa jenereta. M'mapiri radar imasokonezeka ndi kutsetsereka kwa malo, choncho kumeneko anathandiza ndi achinyamata oulutsa ma drone, ena mwa iwo ophunzira ku African Drone and Data Academy imene inatsegulidwa ku Lilongwe mu 2020.

Usiku wina ndikuyendetsa chithunzi cha Phalombe pakompyuta, ndinafika pamudzi wa agogo aja. Mbali yonse ya kumunsi inali bii. Ndinakhala chete, manja ali pamutu. Mapu amakuuza pamene pali madzi, sakuuza amene wapulumuka.

Misewu itatseguka ndinapita. Ndinawapeza pamsasa wa pasukulu ya pulayimale, atakhala pansi pa mtengo ndi adzukulu awo. Nyumba inagwa, Baibulo lija linapita ndi madzi, koma onse anali moyo. Anandizindikira ndisanalankhule.

"Wabweranso, mwanangu? Misomali yako ija wabwera nayo?"

Vuto lawo lalikulu linali munda. Madzi anasiya mchenga ndi miyala pachigwa chonse, mitengo ya m'malire inazuka, chulu chinasalala, ndipo anthu anali atayamba kale kukangana kuti pa uje pankathera pati. Agogo ndi amasiye, ndipo pamkangano wa malire wamasiye mawu ake salemera. Ndinabwerera kunyumba n'kukafufuza m'chikwama cha mabuku akale. Kope langa la 2017 linalipo, manambala a ngodya zonse za munda wawo ali momwemo, pamodzi ndi a minda ina yoyandikana nawo. Tinapangana tsiku ndi amfumu. GPS ya m'manja imaphonya ndi mamita angapo, ndipo ndinawauza zimenezo poyera anthu onse akumva, kuti makinawa atifikitsa pafupi koma omaliza ndinu. Ndinkayenda mpaka manambala atafanana ndi a m'kope, n'kuima. Eni minda ya mbali zonse ankabwera, kuyang'ana phiri, kuyang'ana pamene panali mtsinje, kukambirana, kusuntha pang'ono, ndipo akagwirizana mnyamata ankakhoma chikhomo. Pakati pa amene ankakhoma zikhomo panali bambo uja anakweza katumba ka dothi m'mwamba. Titamaliza anabwera, anavula chipewa n'kunena kuti, "Amayi, mutikhululukire za tsiku lija." Ndinawagwira dzanja. Munda wawonso unali m'kopemo, ndipo tinauyeza tsiku lomwelo.

Masiku ano ndine amene ndimalemba othandizira ntchito ya m'midzi. Asanatuluke ndi chipangizo chilichonse timayamba tapita kwa amfumu, kuitanitsa msonkhano, kuyala zipangizo zonse pamphasa kuti aliyense azigwire ndi kufunsa. Kukakhala kosayenda bwino sindituma mwana wa munthu, ngakhale chaka cha kafukufuku chipite. Amene watola manambala amalowa nawo pa kusanthula ndi polemba, ndipo dzina lake limakhala pankhaniyo. Mapu akatuluka timasindikiza n'kubwerera nawo kumudzi. Ndikamakambirana ndi anzathu a mayunivesite akunja ndimanena zimenezi tisanasainirane chilichonse. Ena amavomera mosavuta, ena amafuna kukokana kaye.

Sindinafike pogona tulo tosatembenuka. Kontirakiti yanga itha chaka chamawa, ndipo kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 kunadya gawo lalikulu la zimene tinkati tigulira zipangizo. Panopa ndikulemba pempho la ndalama zoti tiimike ndodo zina zoyezera madzi ku Kachulu, ku Swang'oma ndi ku Mposa. Setilaiti imatiuza kuti madzi afika pati koma sitiuza kuya kwake, ndipo pa nyanja yosaya ngati Chilwa kutsika kwa masentimita ochepa kumabweza gombe mtunda wautali. Tikaphatikiza ziwirizi tikhoza kuchenjeza asodzi ndi alimi a mpunga miyezi ingapo nyanja isanathawe. Amene aziwerenga ndodozo m'mawa uliwonse n'kutumiza nambala pafoni ndi asodzi a m'makomiti a padoko, ndipo malipiro awo ndawaika kale m'bajeti.